Mawu Amene Tsokonombwe Anagwetsa M'njira

Padangokhala. Ovomera vomerani msanga kuti tili tonse, poti mvula ya masiku ano sidikira kuti munthu atsirize nthano.

Padali Nkhanu wina wamkazi, make Tsalani, amene ankakhala mu una pagombe la mtsinje wa Nakokola. Unawo anakumba ndi mwamuna wake. Koma mwamunayo anamwalira gombe litamugumukira tsiku lina akuchokera kosaka chakudya, ndipo anamusiyira ana asanu ndi anayi. Dziwaninso kuti masiku amenewo nkhanu zinkayenda molunjika ngati wina aliyense.

Nyengo inali itachita misala. Mvula imene kale inkabwera pa mwezi wake inayamba kuchedwa mpaka nyama kulozana ufiti, ndiye ikati ibwere, ya mwezi wathunthu inkakhuthuka masiku awiri. Chaka chilichonse mtsinje unkanyema gombe, ndipo make Tsalani ankagona ndi mantha amodzi okha, akuti tsiku lina dothi lidzakwirira ana ake monga linakwiririra bambo awo.

Madandaulo atachuluka, mfumu Mkango anabangula ali kulikulu kwake kutali. "Ine maso ndili nawo awiri, mitsinje ilipo zikwi. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Kuyambira lero, mphamvu ku nyama!"

Choncho dera lililonse linalandira khonsolo yake. Ku Nakokola anasankha Nang'omba kukhala Wapampando, chifukwa mawu ake anali abesi moti ngakhale akangotsokomola zinkamveka ngati mfundo. Mlembi anali Bilimankhwe, wolemba chiganizo chimodzi pa tsiku, ndipo ankasanduka mtundu wa aliyense amene walankhula pomaliza. Komiti ya zachilengedwe anaipereka kwa Khansala Tonde, mbuzi ya ndevu ndi tayi, poti ankati palibe wodziwa masamba kuposa iyeyo. Apa sananame.

Tsiku lina Bulu anafika ndi ngolo ya mbande chikwi za mitengo, zili m'machubu, zochokera kwa mfumu. Pambuyo pake panafika mesenjala Tsokonombwe ndi uthenga wake. Tsono Tsokonombwe ankanyamula mawu m'kamwa, ndipo akadumpha n'kutera, liwu limodzi linkagwa. Kuchokera kulikulu ndi mtunda wautali.

"Bwana," anatero ali wefuwefu, "akuti... kudzala... mitengo."

"Basi?" anafunsa Nang'omba.

"Enawo agwa m'njira, bwana."

"Ogwawo anali mankhusu. Chimanga ndi chimene chafikachi. A Mlembi, itanani msonkhano."

Khonsolo inakhala pansi masiku atatu kusinkha mawu awiri. Tsiku lachitatu Tonde anaimirira n'kukonza tayi. "Olemekezeka, nkhaniyi ndi yapafupi. Dzala ndi kumene timataya phulusa ndi zinyalala. Mfumu akuti kudzala mitengo. Ndiye kuti mitengoyi ipite kudzala."

Bilimankhwe anasanduka wotuwa ngati Tonde n'kuyamba kulemba.

Make Tsalani anali pakhomo, akumvetsera. Analowa molunjika, nawomba m'manja mwaulemu. "Pepani mabwana. Kudzala kumene akunenako n'kukumba dzenje, kuikamo mbande, n'kukwirira. Akufuna mizu igwire gombe. Ine ndimakhala momwemo, ndimaona mmene limanyemekera."

Nang'omba anaphethira ndi nsidze zake zazitali zija. "A Mlembi, mayiwa alipo pa ndondomeko ya zokambirana?"

Bilimankhwe anaponya diso limodzi papepala, lina kwa Wapampando. "Palibe, bwana."

"Mwamvatu mayi. Maganizo salowa pakhomo ili molunjika. Kayambireni ku komiti ya m'mudzi, iyo ipititse ku komiti ya dera, ya derayo itipatsire ife."

"Nanga komiti ya m'mudziyo ili kuti, bwana?"

"Inakokoloka chaka chatha," anayankha Bilimankhwe. "Tikudikira kuti itilembere kalata yotidziwitsa."

Asanazinyamule mbande zija, Tonde anati komiti yake iziyendere kaye ngati zili zenizeni. Anaziyendera ndi m'kamwa, ndipo mazana awiri zinapezeka kuti n'zenizeni. Zotsalazo anakazikhuthula kudzala la kuseri kwa ofesi, riboni n'kudula. Pamenepo Nang'omba anayambitsa nyimbo ya khonsolo ndi besi lake, ena onse akuvomera n'kumaponda pansi. Inali nyimbo yotamanda khonsolo imene imamva kamodzi n'kumvetsa, yonena kuti mawu ochokera kumwamba sagwa pansi. Tsokonombwe nayenso ankavomera nawo, ndipo ndiye ankakweza kwambiri.

Mvula inachedwa miyezi iwiri, kenako inakhuthuka. Gombe linagumuka mbali imene ana a make Tsalani ankasewera. Mayi wawo anakumba masiku awiri, zopanira zake mpaka kusupuka, koma anatsala ndi ana asanu. Analira mayi uja mpaka mawu kutha, ndipo chimene chinamuwawa kwambiri n'chakuti ananena, koma sanamumvere.

Mvula itatha, anadutsa kuseri kwa ofesi ya khonsolo. Anaona kuti mbande zina zimene zinagwera bwino m'phulusa zaphuka, zanenepa, masamba ali biriwiri. Anaonanso Tonde akudutsa pomwepo, dovu lili chuchuchu, koma khosi atapotolera kumbali.

"Simuziyendera izi, a Khansala?" anafunsa.

"Mayi inu, mukundiona bwanji? Khansala wa tayi angadye kudzala?"

Make Tsalani anapitiriza ulendo wake. Mawuwo anangowasunga.

Chaka chachiwiri Bulu anabweranso ndi mbande chikwi, Tsokonombwe n'kubweranso ndi mawu ake awiri omwe aja. Ulendo uno Tonde anayendera mbande zonse msonkhano usanayambe, ndipo anakhala pampando mimba ili ndi ndi ndi.

Nang'omba ndiye anamasulira. "Chaka chatha khonsolo sinalakwe, inalakwa ndi mvula. Koma ndaganiza mozama. Kodi mtsinje umativutitsa liti? Ukadzala madzi. Tsono mfumu akuti mtsinjewu udzale mitengo, madzi asowe pokhala!"

M'manja munawombedwa. Bilimankhwe anada bii ngati Wapampando, pakhosi pokha kufiira. Poti mbande zinali zitayenderedwa, anagwirizana zolemba ganyu Njovu kuti agwetse mitengo ikuluikulu imene inatsala pagombe n'kuiponya m'madzi.

Make Tsalani analowanso molunjika, ulendo uno wopanda kuwomba m'manja. "Bwana, mitengo imeneyo ndi imene yatigwirira dothi lotsalali! Madzi saiwala khwawa!"

"Khonsolo yagamula kuti aiwale," anatero Nang'omba. "Komanso simuli pa ndondomeko."

Mayi uja anathamangira kugombe. Anapeza Njovu atagwetsa kale yambiri, akuyandikira mkuyu umene mizu yake inafungatira una wake. Anafuna kukuwa kuti asiye, koma anakumbukira kuti pempho lolunjika silinamupindulirepo kanthu. Ndiye anangoima pambali n'kumalankhula ngati akudzilankhulira.

"Koma a Njovu ndi olimba mtima. Mtengo umene a Wapampando akufuna kukhomapo chikwangwani cha dzina lawo, iwo n'kuugwetsa?"

Njovu anabweza chitamba. Bilimankhwe, amene anabwera kudzalemba za ntchitoyo, anamva, ndipo poti make Tsalani ndiye analankhula pomaliza, anafiirira ngati nkhanu n'kulemba kuti mkuyu ndi wa chikwangwani. Nang'omba atawerenga anati inde, anali nawo kale maganizo amenewo. Limenelo linali phazi loyamba limene make Tsalani anaponda cham'mbali.

Mtsinje unadzaladi mitengo. Anadula riboni, Nang'omba n'kuyambitsa nyimbo ija, ndipo anaonjezamo ndime yochenjeza madzi kuti akafune malo kwina.

Madzi anamvera. Atapeza njira yawo yatsekedwa ndi zipika, anakafuna malo pagombe, m'minda, ngakhale mu ofesi ya khonsolo momwe, moti mpando wa Wapampando unakapezeka uli pa chulu. Mkuyu unagwira una wa make Tsalani, koma ana atatu amene madzi anawapeza panja sanabwerere. Anatsala awiri, Tsalani ndi wamng'ono, ndipo wamng'onoyo mayi ake anamusintha dzina n'kumutcha Mwatitha.

Ulendo uno sanalire nthawi yaitali. Chisoni chinali chitasanduka mkwiyo, ndipo mkwiyo wa mayi wofedwa suchita phokoso. Anayendera nkhanu zonse zimene zinapulumuka.

"Abale anga, tikumbe maenje m'gombe monsemu, chikwi chathunthu."

"Tikhalemo ndani, poti tatha?"

"Inu kumbani. Okhalamo abwera pa ngolo."

Anakumba chilimwe chonse, dothi lili gwa, dzenje limodzi tsiku lathunthu. Kenako anapita kwa amayi a m'midzi, a Nkhanga, a Njiri, a Nungu, n'kuwapempha kuti phulusa la m'mafuwa ndi zinyalala za pabwalo azikataya pagombe, pafupi ndi maenje aja. Amayiwo anaseka, koma poti kugombe kunali kufupi kuposa kudzala lakale, anavomera.

Chaka chachitatu ngolo inafika, mawu awiri aja n'kufikanso. Tsopano khonsolo inagawikana. A mbali ya Tonde ankati tanthauzo ndi la dzala, a mbali ya Nang'omba ankati ndi la kudzaza. Anakangana masiku asanu, mbande zili pangolo, poti Nang'omba analetsa kuziyendera mkangano usanathe. Kumwamba mitambo inayamba kusonkhana.

Tsiku lachisanu make Tsalani analowa. Sanalunjike kutsogolo. Anayenda cham'mbali motsatira khoma mpaka anafika pamene panali diso la Bilimankhwe limene linalibe chochita.

"A Mlembi, ine maganizo ndilibe. Ndili ndi dandaulo chabe."

"Madandaulo amaloledwa pa zina ndi zina," ananong'ona Bilimankhwe, "poti safuna yankho."

Nthawi ya zina ndi zina itakwana, mayi uja anagwada. "Mabwana, ife a kugombe tikuvutika. Gombe lathu lonse lasanduka dzala."

Tonde anaimika makutu. "Mwati dzala?"

"Dzala lenileni, a Khansala, phulusa lokhalokha. Ndiye pali maenje chikwi, ali pululu, osadzala kanthu."

Nang'omba anatambasula mapiko. "Mwati osadzala?"

"Osadzala, bwana. Ine mutu wanga ndi waung'ono, sindikudziwa kuti zoterezi mungazitani."

Tonde anayang'ana Nang'omba, Nang'omba anayang'ana Tonde, Bilimankhwe n'kuyang'ana onse awiri nthawi imodzi, thupi lake theka lotuwa, theka lakuda.

"Olemekezeka," anatero Nang'omba pang'onopang'ono, "ndatulukira. Mitengo ipite kudzala, maenje akadzale mitengo. Tonse tinalondola!"

Bulu anakokera ngolo kugombe, khonsolo yonse ili pambuyo. Tonde anali patsogolo pa onse, akunyambita milomo, ndipo mbande zitangotsitsidwa anatambasula khosi.

"Samalani tayi, a Khansala!" anakuwa make Tsalani kuti aliyense amve. "Pano ndi padzala!"

Nyama zonse zinatembenuka. Tonde anameza dovu n'kunena kuti amangofuna kuona ngati phulusalo ndi lenileni.

Ntchito inayamba. Makhansala ankaponya mbande m'maenje, nkhanu zikubwera pambuyo, kung'amba machubu ndi zopanira, kusakaniza dothi ndi phulusa, n'kukwirira. Nang'omba atafunsa kuti zikuchitanji, make Tsalani anati zikungothandiza kuti maenje adzale bwino, pasatsale mpata.

Dzuwa litapendeka, mbande zonse zinalowa kupatula imodzi, imene Nang'omba anasunga kuti aike yekha monga mlendo wolemekezeka. Riboni inamangidwa. Iye anayang'ana uku ndi uku.

"Nanga dzenje langa lili kuti?"

Panalibe. Dzenje limodzi linali litagumuka masiku apitawo, wina osaliona.

Tonde anatsokomola, maso akuwala. "A Wapampando, mfumu sangatumize mbande yopanda dzenje. Ngati yatsala imodzi, ndiye kuti tanthauzo talakwitsanso. Ndikupempha kuti tizizule zonse, zibwerere ku ofesi, komiti yanga ikaziyendere modekha."

Bilimankhwe anayamba kutuwa kuchokera kumchira. Kumwamba kunagunda. Kukumba dzenje lina kunali kwa tsiku lathunthu, ndipo kuzula mbande n'kwa kanthawi kochepa.

Make Tsalani anayang'ana una wake patsinde pa mkuyu. Munali mmene mwamuna wake anasalaza makoma ndi zopanira zake, mmene ana asanu ndi anayi ankapanikizana pogona. Chinali chokhacho chimene mtsinje unali usanamulande. Mtima unamupweteka zedi. Analowa, natulutsa Tsalani ndi Mwatitha, n'kuwaika pansi pa mimba yake.

"Dzenje lanu ili, bwana. Lalikulu kuposa onse. Tinakusungirani."

"Mwaona?" anatero Nang'omba kwa Tonde. "Anthu a kuno amadziwa ulemu."

Anaponyamo mbande ija, ndipo make Tsalani anakwirira yekha khomo la nyumba yake. Nyimbo inayamba, besi patsogolo, yonena za mawu osagwa pansi, ndi ndime yatsopano yotamanda Wapampando amene anagwirizanitsa matanthauzo awiri. Isanathe, madontho oyamba anagwa, ndipo olemekezeka onse anabalalika kuthawitsa matayi.

Musandinamizire kuti ndanena kuti mbande zimagwira gombe chaka chimodzi. Chaka chimenecho make Tsalani anapirira mvula yonse atakakamira mizu ya mkuyu, wopanda nyumba, ana awiri ali pansi pa mimba, madzi akumumenya kumsana. Sanawatulutse ngakhale tsiku limodzi. Gombe linanyemeka pang'ono, chaka chotsatira pang'ono kwambiri. Mbande zinakula, poti Tonde ankangozidutsa khosi lili kumbali. Chaka chachisanu mizu inali italukana, ndipo mtsinje unabwera ndi ukali wake wonse n'kubwerera ndi njala. Tsalani ndi Mwatitha anakula, nabereka ana awo m'mizu momwemo.

Pa mkuyu panakhomedwa chikwangwani chonena kuti Wolemekezeka Nang'omba anatulukira tanthauzo lachitatu la liwu lakuti kudzala, lomwe ndi kuika mtengo m'dothi.

Nthawi imeneyo Tsokonombwe anali atakalamba, mawondo atatha. Atapuma ntchito kulikulu, anabwerera kwawo ku Nakokola wapansi, pang'onopang'ono, ndipo m'njira anayamba kuona tinthu tili mbwee m'fumbi. Anali mawu aja. Anawatola limodzilimodzi, nawaika m'thumba, n'kukawakhuthula patebulo la khonsolo.

Bilimankhwe anawasanja mwezi wathunthu. Atatha, anawerenga mokweza: "Pa nkhani ya kudzala mitengo, funsani okhala pagombe, ndiwo akudziwa."

Nang'omba anaimirira. "Lamulo ndi lamulo. Tikawafunse."

Ananyamuka onse, matayi ali pakhosi, kulondola kumene buku la khonsolo linkasonyeza kuti kumakhala make Tsalani. Anapeza mtengo wautali utamera pakhomo penipeni.

"Odi kuno! Odi, mayi!"



Nang'omba anakonza kukhosi n'kuyang'ana thunthu la mtengowo. "Mayi, khonsolo yabwera kudzamva maganizo anu. Kodi inu mukuona kuti kudzala mitengo n'kutani?"

Mtengo sunayankhe. Anadikira mpaka Tonde kuyamba kusuzumira masamba.

"A Mlembi, lembani kuti mayi afunsidwa, ndipo sanatsutse."

Pansi pa mapazi awo, m'kati mwa mizu, make Tsalani ankamva zonse, zidzukulu zili pambali pake. Funso limene ankalifuna ana ake ali asanu ndi anayi linamupeza ali ndi awiri. Misozi inalengeza m'maso mwake.

"Amayi, akukufunsanitu," ananong'ona Tsalani. "Simuwayankha?"

"Khala chete, mwanawe. Ndinawayankha kale, aima pa yankho langalo. Ukangotsegula pakamwa apanga komiti, ndipo ukudziwa amene adzaiyendere mitengoyi."

Pamwamba besi linayambitsa nyimbo ija ya mawu osagwa pansi. Make Tsalani anasonkhanitsa zidzukulu zake pansi pa mimba, n'kulowa nazo m'kati mwa mizu, cham'mbali.

Mpaka lero nkhanu siyenda molunjika, ana ake imawasunga pamimba, ndipo mukapita kugombe mupeza timaenje tambiri tili pululu, tikudikira ngolo. Yanga yathera pamenepa. Mbatata ija kaiphuleni, koma phulusa lake musataye kutali.